Kodi Zawoladi Zonse?

Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Tinakula nawo mwambi umenewu. Aphunzitsi ankaunena akafuna kugwiritsa chibalo kalasi yonse chifukwa cha mwana mmodzi wolongolola; amayi ankaunena poletsa mwana wawo kuyenda ndi mnzake wosolola. Ndipo sunangopekedwa ayi. Amene anachitapo geni ya chambo amadziwa: dengu lanyamuka ku Mangochi m'bandakucha, lafika ku Limbe dzuwa lili paliwombo, imodzi ya pansi penipeni yayamba kufewa mimba, maso achita mbuu. Pofika madzulo ntchentche zauzana, wogula aliyense akungowerama, kununkhiza, n'kupitirira. Zabwinobwino zija nazo zatsika mtengo.

Anthu a ku America sauyankhula m'Chichewa, koma ndi mwambi womwewu umene ambiri a iwo amayendera akamakamba za kuwomberana m'mizinda yawo. Tchulani South Side ku Chicago, kapena kumpoto kwa Philadelphia, kapena kumadzulo kwa Baltimore, munthu amene sanapondeko n'komwe apukusa mutu: kumeneko ndiye kunawola. Zifukwa zopukusira mutu zilipodi. M'chaka cha 2020 chiwerengero cha anthu ophedwa m'dzikomo chinakwera ndi pafupifupi 30 peresenti, kukwera kumene kunali kusanaonekepo m'chaka chimodzi chiyambire kusunga kaundula wa dziko lonse. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti. Oposa theka anadziwombera okha, ndipo pafupifupi 21,000 anachita kuwomberedwa ndi anzawo. Chicago yokha inaika m'manda anthu ophedwa pafupifupi 800 chaka chimenecho, Philadelphia 562. Mfuti inapitirira ngozi zapamsewu n'kukhala chinthu chopha ana ndi achinyamata ambiri kuposa china chilichonse.

Zinthu zitatu zinakumana nthawi imodzi. Mliri wa korona unatseka sukulu, matchalitchi, mabwalo a masewero ndi tintchito ta m'malesitilanti, mnyamata n'kutsala pakhonde tsiku lonse ndi foni m'manja, wopanda mphunzitsi kapena kochi womufunsa kuti dzulo unagona kuti. Mu Meyi 2020 wapolisi anapha George Floyd ku Minneapolis dziko lonse likuonera pa vidiyo, ndipo kukhulupirirana kochepa kumene kunatsala pakati pa apolisi ndi anthu akuda kunatheratu: ena analeka kuimbira kupolisi, apolisi ena nawo anangopinda manja. Ndipo chifukwa cha mantha anthu anakhamukira m'masitolo, mfuti zoposa 20 miliyoni n'kugulidwa m'chaka chimodzi.

Tiyambe taupatsa mwambiwu ulemu wake, pakuti pali pamene ukunena zoona. Amene anaona msanga zimenezi anali dokotala. Gary Slutkin anatha zaka zambiri kuno ku Africa, akulimbana ndi chifuwa chachikulu ndi kolera ku Somalia, kenako Edzi ku Uganda ndi maiko ena pansi pa bungwe la WHO. Atabwerera kwawo ku Chicago mu 1995 anayang'ana mapu a malo amene anthu akuwomberana, ndipo sanali achilendo kwa iye: timadontho tounjikana pano, tounjikana apo, monga momwe mapu a mliri amaonekera. Anati chimene chimalosera bwino kuwomberana kwa mawa ndi kuwomberana kwa dzulo. Patapita zaka, katswiri wina, Andrew Papachristos, ndi anzake anasanthula mabuku a apolisi a mumzindawo n'kupeza kuti chipolopolo chimatsata chinansi. Amene mnzake woyenda naye wawomberedwa, nayenso ali pamzere, ndipo tikatenga pakatikati, tsoka lake limamupeza patangopita miyezi inayi.

Chiyambi chake nthawi zambiri chimachititsa manyazi kuchepa. Ambirife timaganiza za mabwana a mankhwala ozunguza bongo akulimbirana misika. Zimenezo zilipo, koma zochuluka si zimenezo. Wina wajambula kavidiyo akunyoza malemu a mumsewu wina n'kukaika pa Instagram. Wina wayankhula ndi chibwenzi cha mwini. Wina wanyozedwa paphwando atsikana akuona. Lachisanu usiku galimoto ikudutsa pang'onopang'ono, galasi latsika. Loweruka linalo kuli maliro, ndipo kumbuyo kwa tchalitchi kwaima msuweni wa malemuyo, wa zaka 19, wavala malaya osindikizidwa nkhope ya m'bale wakeyo. Sakulira. Anzake akumuponyera maso, kudikira kuti aone ngati ndi mwamuna. Yowola yakhudza yoyandikana nayo.

Slutkin anachita zimene ankachita pa kolera: kudula njira ya matenda. Kuyambira mu 2000, m'dera la West Garfield Park, analemba ntchito anthu amene anakhalapo m'magulu omwewo, ena otuluka kundende, amene mnyamata wokwiya angawatsegulire chitseko. Munthu akangowomberedwa, iwo amathamangira kuchipatala usiku womwewo, kumene abale ndi anzake aunjikana panja, n'kuyamba kupempha chinthu chimodzi chokha, chakuti tadikirani kuche. Mkwiyo wa usiku ukafika m'mawa umakhala utaphwako. Njirayi yathandiza m'madera ena, kwina osaoneka phindu lake, ndipo si ntchito yamasewera: ku Baltimore ogwira ntchito yotereyi atatu anaphedwa ndi mfuti pakati pa Januwale 2021 ndi Januwale 2022.

Koma poti zonse zawola, apa mwambi wanama, ndipo bodza lake lapweteketsa anthu ambiri. Papachristos yemweyo anapeza kuti mwa anthu 10 alionse ovulazidwa ndi mfuti ku Chicago, 7 anali m'gulu la anthu odziwana losakwana 6 peresenti ya mzinda wonse. Ku Boston, chapakati pa zaka za m'ma 1990, ofufuza atakhala pansi ndi apolisi oyenda m'misewu n'kuyamba kuwerenga, anapeza magulu 61 okhala ndi anyamata pafupifupi 1,300. Sanakwane n'komwe mmodzi pa achinyamata 100 alionse a mumzindawo, koma ankakhudzidwa ndi imfa 6 mwa imfa 10 zilizonse za achinyamata ophedwa. Ku Oakland, mzinda wa anthu oposa 400,000, oyambitsa mavuto ambiri anapezeka kuti ndi anthu pafupifupi 400, ndipo ochuluka sanali ana asukulu monga ankaganizira akuluakulu a mzindawo, koma amuna a zaka zoyandikira 30. Ngakhale m'dera la mbiri yoipa, mfuti imalira pangodya imodzi, msewu wotsatira agogo akuthirira maluwa. Ena onsewo ndi anamwino, oyendetsa mabasi, ometa tsitsi, ana a kwaya, anthu amene amadana ndi mfuti kuposa aliyense wokhala kutali, popeza ndi iwo amene amagwetsa ana pansi ikayamba kulira.

Mzinda wa New York unayesapo kuutsatira mwambiwu mpaka kumapeto kwake. Mu 2011 mokha apolisi anaimitsa anthu m'misewu maulendo oposa 685,000, kuwapanikiza ndi mafunso, ambiri n'kuwapapasa m'matumba, ochuluka ali akuda ndi ochokera ku Latin America. Pafupifupi 9 mwa 10 alionse anauzidwa kuti azipita, alibe mlandu, ndipo mfuti inkapezeka mwa anthu osakwana mmodzi pa 100. Woweruza Shira Scheindlin atagamula mu 2013 kuti mchitidwewu ukuphwanya malamulo aakulu a dzikolo, ambiri analosera kuti magazi asefukira m'misewu. Kuimitsa anthuko kunatsika kufika pa maulendo 12,000 ndi kanthu pachaka, ndipo ophedwa nawo anapitiriza kutsika, kuchoka pa 515 mu 2011 kufika pa 292 mu 2017.

Kutaya nthawi ya apolisi n'kochepa poyerekeza ndi chimene mchitidwe wotere umasiya m'mitima. Mnyamata amene wakankhiridwa kukhoma kangapo akuchokera kusukulu, mabuku ake atamwazidwa pansi, sadzapita kukachitira umboni tsiku limene adzaone munthu akuphedwa. Mayi ake nawo sadzapita. Popanda mboni mlandu sugwira, ndipo m'zaka zimenezi pafupifupi theka la milandu yakupha ku America linkatha popanda womangidwa. Ya owomberedwa koma osafa ndiye inkangozimiririka. Ndiye tadziikani m'malo mwa msuweni uja. Amene anapha m'bale wanu akudutsa pakhomo panu tsiku ndi tsiku, aliyense akumudziwa, boma lokha ndilo silikumudziwa. Mfuti ya m'chiuno ndiyo imasanduka polisi yanu ndi bwalo lanu la milandu. Amene anagamula kuti dera lonse lawola ndi yemweyo amene watseka pakamwa pa anthu amene akanamuuza kuti yowola ndi iti.

Nanga mankhwala amene mwambiwu umapereka? Wageni sachedwa nazo: ichotse, uitaye kutali. America inatayadi. Pofika 2008 anthu oposa 2 miliyoni anali m'ndende. Ku Chicago boma linathana ndi akuluakulu a magulu, kuphatikizapo Larry Hoover wa Gangster Disciples, amene mu 1997 anapezeka wolakwa pa mlandu woyendetsa gulu lakelo ali kale m'ndende. Kenako linagumula nyumba zosanjikizana za Robert Taylor Homes ndi Cabrini-Green, momwe maguluwo anazikamo mizu, anthu n'kumwazikana m'madera ena. Sindikumulirira Hoover, ndende inamuyenera. Koma pamalo pa magulu aakulu ochepa panaphuka timagulu mazanamazana, kalikonse ka msewu umodzi kapena iwiri, kambiri kodzitcha dzina la mnzawo amene anaphedwa, kopanda wamkulu woti n'kunena kuti basi, zakwana. Ndipo pali kusiyana kumene mwambi sukuona. Nsomba yotayidwa sibwerera m'dengu. Munthu amabwerera. Pafupifupi onse olowa m'ndende amatuluka tsiku lina, n'kutsikira pa siteji yomwe ija, atanyamula mbiri ya mlandu imene imawatsekera zitseko za ntchito ndi za nyumba ya lendi.

Komanso nsomba siimva, pamene munthu, ngakhale wogwira mfuti, ali ndi makutu. Mu Meyi 1992, pa tchalitchi cha Morning Star Baptist ku Mattapan mumzinda wa Boston, mwambo wa maliro a mnyamata wowomberedwa uli m'kati, gulu la anyamata linalowa likuthamangitsa mdani wawo. Mfuti inalira m'kachisi, ndipo anamubaya ndi mipeni pamaso pa anamfedwa. Abusa a mumzindawo, ena mwa iwo Eugene Rivers, Ray Hammond ndi Jeffrey Brown, anaona kuti akapanda kutuluka kukakumana ndi za mumsewu, za mumsewuzo zizibwera zokha mpaka kuguwa. Anayamba kuyenda usiku m'ngodya zoopsa zija, osati kukalalikira koma kukamvetsera, mpaka anyamatawo anazolowera nkhope zawo.

Mu 1996 abusawa, apolisi, oimira boma pa milandu, oyang'anira omangidwa amene akugwira chilango ali panja, ndi ofufuza a ku Harvard motsogozedwa ndi David Kennedy, anayamba ntchito yotchedwa Operation Ceasefire. Chimake cha ntchitoyi ndi msonkhano, ndipo mizinda yambiri imene inatengera njirayi imauchita mofanana. Anyamata ngati 20 amaitanidwa m'chipinda chimodzi, aliyense wosankhidwa chifukwa gulu lake likuwomberana. Wapolisi wamkulu amawauza maso ndi maso kuti tikukudziwani ndi mayina, ndipo gulu limene lidzayambe kupha munthu kuchokera lero, tidzaligwera lonse pa mlandu uliwonse umene tingaupeze. Ku Boston ankawaonetsa pepala lonena za mnzawo wina wa milandu yambiri amene anagamulidwa zaka pafupifupi 20 atapezeka ndi chipolopolo chimodzi chokha. Kenako amaimirira mayi amene anaika mwana m'manda, atagwira chithunzi, n'kufotokoza mmene m'nyumba mumakhalira zii pa tsiku lobadwa la mwanayo. Amaimirira munthu amene anatha theka la moyo wake m'ndende, n'kuwafunsa kuti mwa anzanu amene mukuwaferawa, ndani adzabwere kudzakuonani chaka chachitatu. Pomaliza amawapatsa nambala ya foni: ofuna ntchito, sukulu, chiphaso, kapena kusamutsidwa usiku womwewo chifukwa akusakidwa, aimbe. Palibe amene amamangidwa pamsonkhanopo. Amauzidwa kuti pitani mukauze anzanu.

Imfa za achinyamata ophedwa ku Boston zinatsika ndi 63 peresenti. Mzinda umene unaika anthu ophedwa 152 mu 1990 unaika 31 mu 1999. N'zoona kuti zaka zimenezo upandu unkatsika m'dziko lonselo, koma kutsika kwa ku Boston pakati pa achinyamata kunali kwadzidzidzi ndi kwakukulu kuposa kwa mizinda yambiri, ndipo Oakland itayamba njira yomweyi mu 2012, ophedwa anatsika ndi pafupifupi theka pofika 2018. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi si chiwerengero. N'chakuti ambiri mwa anyamata ooneka olusawo anapezeka kuti ali ndi mantha, atopa ndi kugona tulo ta maso, koma alibe potulukira popanda kutchedwa amantha. Chenjezo la apolisi linawapatsa chonena kwa anzawo: sindikuopa, koma tikawombera tonse tikalowa. Chikwapu sichinatayidwe. Chinangoleka kugwera aliyense, ndipo chinayamba kubwera ndi chenjezo komanso khomo lotseguka.

Pali funso lina limene mwambi sufunsa n'komwe: ndani anasiya dengu padzuwa? Wageni wanzeru sakalipira nsomba. Amadziwa kuti chawoletsa ndi kutentha ndi kuchedwa kwa galimoto, ndipo mawa lake amagula ayisi. Madera amene mfuti zimalira kwambiri ku Chicago lero ambiri ndi omwe aja amene m'zaka za m'ma 1930 boma linawazunguliza mzere wofiira pa mapu chifukwa munkakhala anthu akuda, mabanki n'kumakana kubwereketsa ndalama zogulira kapena kukonzera nyumba kumeneko. Ndi omwe aja amene ankadalira mafakitale, ena mwa iwo a zitsulo monga Wisconsin Steel imene inatsekedwa mu 1980 ndi South Works imene inatsekedwa mu 1992. Ndi omwe aja amene mu 2013 anatsekeredwa sukulu pafupifupi 50 nthawi imodzi, ana n'kumadutsa m'misewu ya magulu ena popita kusukulu zatsopano. Umphawi pawokha sugwiritsa munthu mfuti. Taona kale kuti osauka ochuluka sawombera aliyense. Koma umphawi wounjikidwa malo amodzi kwa mibadwo itatu, pakati pa nyumba zogumuka, ndiwo kutentha kumene tikunenaku.

Chodabwitsa n'chakuti kuziziritsa sikudula monga timaganizira. Ku Philadelphia, Charles Branas ndi anzake anatenga mapuloti 541 osiyidwa, odzala zinyalala, matayala ndi thengo, momwe anthu ankabisamo mfuti. Anachita maere. Ena anasiyidwa momwemo. Ena anachotsedwa zinyalala, kusalazidwa, kudzalidwa kapinga ndi timitengo tingapo, n'kuzungulizidwa kampanda kamatabwa kofika m'chiuno, kopanda loko, kongosonyeza kuti malo ano ali ndi owasamala. Zotsatira zake zinatuluka mu 2018: m'madera osaukitsitsa, kuwomberana pafupi ndi mapuloti okonzedwawo kunatsika ndi 29 peresenti. Palibe amene anamangidwa, palibe amene analalikidwa. Ku Chicago, achinyamata amene anapatsidwa ganyu ya masabata 8 pa tchuthi cha 2012 anamangidwa pa milandu yachiwawa mochepera ndi 43 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene maere sanawagwere, ndipo kusiyanako kunapitirira kwa miyezi yambiri ganyuyo itatha.

Pa mfuti yeniyeniyo mwambi wathu ulibe chonena. Anyamata okangana ali paliponse. Ku Ndirande ndi ku Kawale nakonso amatukwanizana pa bala chifukwa cha mkazi kapena ngongole, koma kawirikawiri kumacha wina atatupa mlomo, nkhani n'kukathera kwa amfumu kapena kupolisi. Mkangano womwewo, ukapeza mfuti m'thumba, umathera kumanda. America ili ndi mfuti zambiri m'manja mwa anthu wamba kuposa anthu ake, pafupifupi 120 pa anthu 100 alionse monga zinawerengedwera mu 2017. Chicago ili ndi malamulo okhwima, koma lipoti la mzindawo la chaka chomwecho linaonetsa kuti mfuti 6 mwa 10 zilizonse zogwidwa pa milandu zinagulidwa kunja kwa chigawo cha Illinois, imodzi mwa 5 ikuchokera ku Indiana, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto. Zina zimabedwa m'magalimoto oimikidwa, zina zimagulidwa ndi chibwenzi kapena msuweni wopanda mlandu n'kupatsira mwini ndalama. Tsopano kwabweranso kachitsulo kakang'ono komangirira kumbuyo kwa mfuti ya Glock, kamene kamaichititsa kulavula zipolopolo zonse m'kamphindi, wowomberayo osatha n'kuiwongolera komwe. Apa ndi pamene osalakwa amafera. Hadiya Pendleton, mtsikana wa zaka 15, anawomberedwa mu Januwale 2013 atabisala mvula ndi anzake m'paki ina ku Chicago, patangopita sabata imodzi chibwerere ku Washington kumene gulu la kusukulu kwawo linakasangalatsa anthu pa zikondwerero za kulumbiritsidwa kwa Barack Obama. Owomberawo ankayesa kuti ndi gulu la adani awo. Mzinda ungachite misonkhano ndi kudzala kapinga, koma malire a zigawo akamadutsa mfuti mosavuta chonchi, ntchito ina ndi ya aphungu a ku Washington, amene anakhala zaka pafupifupi 30 osakhazikitsa lamulo lalikulu la mfuti kufikira mu Juni 2022.

Kuyambira 2022 ziwerengero zakhala zikutsika, ndipo mofulumira. Philadelphia, imene inaika 562 mu 2021, inaika osakwana 300 mu 2024. Chicago inatsika kufika pansi pa 600. Sukulu zinatsegulidwa, ntchito zinabwerera, ndipo ndalama zambiri za boma zinalowa m'ntchito za anthu oyenda m'misewu aja. Madera amene ankanenedwa kuti anawola ndi omwewo amene achira kwambiri, anthu ake ali omwewo.

Choopsa tsopano ndi kuiwala, ndipo zinachitikapo kale. Boston inalekerera Ceasefire cha m'ma 2000 atsogoleri ake atasinthidwa ntchito, ndipo imfa za achinyamata zinakweranso. Oakland inafooketsa yake nthawi ya korona, ophedwa n'kubwerera kupitirira 130 mu 2021, mpaka inachita kuitsitsimutsanso. Ntchito yodziwa anyamata 400 ndi mayina, kuwayendera, kuyankha foni yawo pakati pa usiku ndi kutchetcha kapinga pa puloti ya eni, ndi yotopetsa, ndipo ikayenda bwino sioneka, chifukwa maliro amene sanachitike salembedwa m'nyuzipepala. Mu Epulo 2025 unduna wa zachilungamo ku America unathetsa thandizo la madola mamiliyoni mazanamazana limene unalonjeza mabungwe osiyanasiyana, ndipo ena mwa odulidwawo anali omwe aja othamangira kuchipatala usiku kukapempha kuti tadikirani kuche.